Mwana Wachete m'Kanema ndi m'Kalasi

Palibe kalasi imene isowa mwana amene mphunzitsi achedwa kudziwa dzina lake. Mwana wotere salongolola, sakweza mkono, sachita ndewu, ndipo nthawi yopuma ikakwana iye aima yekha patsinde pa mtengo namayang'ana anzake ali kusewera mpira kapena phada. Pakuti savuta munthu, kawirikawiri aiwalika. Mphunzitsi wokhala ndi ana ambiri athera mphamvu zake pa osokosa ndi pa ochenjera, ndipo wacheteyo amulembera pa lipoti kuti ndi mwana wa makhalidwe abwino. Nthawi zambiri mawu amenewa ndi oona. Koma nthawi zina pansi pa kukhala chete kumeneko pali katundu wolemera amene mwanayo asowa pomutula, ndipo ngati palibe womuona, mwana akhoza kusiya sukulu, kudwala, kapenanso kutaya moyo wake.

Opanga makanema a m'maiko osiyanasiyana akhala akumuyang'anitsitsa mwana ameneyu. Pali mtundu wa makanema umene nkhani yake ndi ya mnyamata kapena mtsikana amene ali kuoloka kuchoka ku ubwana kunka ku ukulu, nthawi imene Achewa aitcha kutha msinkhu. Makanema atatu a mtundu umenewu afotokozedwa pano: wina wa ku Kasungu, wina wa ku Zambia, ndi wina wa ku America. Onse atatu aphunzitsa chinthu chimodzi chimene mphunzitsi wa mawa ayenera kuchigwira, ndicho chakuti manyazi si matenda, koma matenda akhoza kubisala m'manyazi, ndipo chowasiyanitsa ndi diso la munthu wamkulu pamodzi ndi bwenzi limodzi lokhulupirika.

Kanema m'boma la Mchinji

Kanema si mlendo wa dzulo kumalire kuno. Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, limene linkapanga makanema oonetsa anthu a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo magalimoto ankayenda nawo m'midzi ndi kuwaonetsa usiku pa nsalu yoyera. Masiku amenewo Mchinji ankatchedwa Fort Manning, ndipo Chipata, mzinda wa kutsidya kwa malire, ankatchedwa Fort Jameson. Makanema a nthawi imeneyo ankaphunzitsa ulimi, ukhondo ndi kumvera boma. Za mumtima mwa mwana sankazilabadira.

Lero boma la Mchinji, limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 600,000, lili ndi tinyumba toonetsera vidiyo m'malo a malonda monga Kamwendo, Mkanda ndi Kapiri, ndipo ana aoneranso makanema pa mafoni a abale awo. Ambiri mwa makanemawa ndi a nkhondo ndi a nkhonya, ndipo ena ali ndi mawu a munthu womasulira m'Chichewa. Chotero mwana wa Sitandade 7 adziwa kale kutsata nkhani ya m'kanema ndi kuifotokoza kwa anzake. Chotsalira mphunzitsi ndicho kusankha kanema woyenera ndi kudziwa mafunso ofunsa akatha kuonera.

Mawu amene Chichewa chili nawo

Wophunzira chilankhulo ayenera kuyamba ndi mawu. Liwu lakuti manyazi lisenza matanthauzo atatu. Pali manyazi a ulemu, monga a mkamwini pamaso pa apongozi ake, kapena a namwali amene atuluka m'tsimba nkhope ili pansi; amenewa makolo awayamikira. Pali manyazi a munthu wogwidwa ndi cholakwa. Ndipo pali manyazi a mantha, amene amanga lilime la mwana pamene maso a anthu ambiri ali pa iye. Popeza liwu ndi limodzi, nkwapafupi kuti mphunzitsi ayamikire mantha poyesa kuti ndi ulemu. Akale anaona ngozi imeneyi pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chichewa chili ndi chuma china m'timawu tofanizira. Mwana amene ali phee ali pa mtendere. Amene ali duu wasiya kulankhula, mwina chifukwa wasowa yankho. Amene ali zyoli wagwidwa ndi manyazi. Amene ali ndwii ali ndi chakukhosi. Amene ali khuma, dzanja lili patsaya, wadzazidwa ndi chisoni. Onsewa ali chete, koma agogo a kumudzi sangawasokoneze, ndipo mphunzitsi ayenera kukhala ndi diso lofanana ndi la agogowo.

Kumapeto kwa mzere wa mawu amenewa kuli liwu loopsa lakuti misala. Liwuli litanthauza munthu amene mutu wake wasokonekera ndithu, koma anthu aliponya msanga pa aliyense wochita zachilendo. Pakati pa manyazi ndi misala pali mawu ena amene afunika kwambiri m'sukulu: nkhawa, kukhumudwa, maganizo. Munthu akati mnzake ali ndi maganizo, atanthauza kuti pali chinthu chimene chimudya usana ndi usiku. Mwana amene adziwa mawu a pakatiwa akhoza kunena chimene chamugwira popanda kuopa kutchedwa wamisala.

William wa ku Wimbe

Kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind anatuluka mu 2019. Anamuwongolera ndi Chiwetel Ejiofor, amene aseweramonso monga bambo wake wa mnyamatayo, ndipo mnyamatayo ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Kanemayu anajambulidwa m'Malawi, ndipo zokamba zambiri zili m'Chichewa. Nkhani yake ichokera m'buku la dzina lomwelo la mu 2009, limene William Kamkwamba analemba pamodzi ndi Bryan Mealer.

William anabadwa mu 1987 ndipo anakulira ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana ndi Mchinji. Pa njala ya 2001 ndi 2002 anasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake anasowa ndalama za fizi. Ali ndi zaka 14, ankapita ku kalayibulale ka kwawo, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyenda ndi mphepo. Anatola zitsulo zotayidwa, mapaipi a pulasitiki ndi njinga ya bambo wake, naimika nsanja ya mitengo ya bulugama, ndipo makinawo anayatsa magetsi m'nyumba mwawo. M'kanema nkhani yasinthidwa pang'ono, pakuti makinawo apopa madzi othirira mbewu pa nthawi ya njalayo, pamene m'moyo weniweni zopopa madzi zinadza pambuyo pake.

Chimene mphunzitsi ayenera kuyang'ana si makinawo okha. M'bukumo William afotokoza kuti anthu pomuona ali kufukula zitsulo kudzala ankamunena kuti wachita misala, ndipo ena ankati asuta chamba. Mnyamata amene anali ndi mutu wabwino koposa anapatsidwa dzina la odwala chifukwa chakuti ankakhala yekha ndi kuchita zimene anthu sanazizolowere. M'kanemamo aoneka mnyamata wa mawu ochepa, amene athamangitsidwa m'kalasi, aona mlongo wake achoka pakhomo, ataya galu wake Khamba chifukwa cha njala, ndipo akaniziridwa njinga ndi bambo wake mwaukali. Pali zambiri zimene zikanamuthyola mtima.

Chinamuchirikiza ndi ubwenzi. Gilbert, mwana wa mfumu ya ku Wimbe, sanamuseke, ndipo bukulo linena kuti anamugulira ndi ndalama zake zina mwa zipangizo zimene zinkasowa, kuphatikizapo dayinamo ya njinga. Mbale wake Geoffrey anamuthandiza ntchito. Mayi woyang'anira kalayibulale anamulola kubwereka mabuku ngakhale sanali pa sukulu. Mu 2007 William analankhula pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Kukhala chete kwake kunali kwa munthu amene mutu wake uli pa ntchito. Mwana wotere asowa buku, chipangizo ndi mnzake, ndipo safuna mankhwala.

Shula wa ku Zambia

Kanema wachiwiri ndi I Am Not a Witch, wa mu 2017, amene anamulemba ndi kumuwongolera ndi Rungano Nyoni, mayi wobadwira ku Lusaka nakulira ku Wales. Analandira mphotho ya BAFTA mu 2018. Zilankhulo zake ndi za ku Zambia, ndipo Chinyanja chimvekamo, kotero kuti mwana wa ku Mchinji amvamo mawu a kwawo.

Nkhani yake ndi yopeka. Kamtsikana kosakwana zaka 10, kamene aseweramo ndi Maggie Mulubwa, kafika m'mudzi kokha, kopanda mbale. Mayi wina wochokera kotunga madzi agwa atakaona, ndipo mudzi uti ndi mfiti. Atakatengera kupolisi, kamtsikanako sikavomera ndipo sikakana, kangoti duu. Anthu ayesa kukhala chete kwake umboni. Akatumiza ku msasa wa amayi okalamba onenedwa ufiti, amene amangidwa ndi nsalu zazitali zoyera kumsana kuti asauluke. Amayiwo ndiwo akapatsa dzina lakuti Shula, nakasamala monga mdzukulu wawo. Mkulu wina wa boma akayendetsa uku ndi uku kuti apeze nako ndalama, ndipo pa mapeto pake mwanayo afa.

Shula ndi wamng'ono kuposa ana otha msinkhu, koma nkhani yake ikhudza mphunzitsi wa kumalire. M'sukulu za ku Mchinji mufika ana obwera: a makolo ogwira ntchito m'maesiteti a fodya, amasiye oleredwa ndi achibale, ndi ena ochokera kutsidya amene Chichewa chawo chili ndi kamvekedwe ka Chinsenga kapena ka Chinyanja cha ku Lusaka. Mwana wobwera akasekedwa kamodzi chifukwa cha kalankhulidwe, atseka pakamwa, ndipo pakamwa pakatsekeka anthu ayamba kumulankhulira. Wina ati ndi wonyada, wina ati ndi mbuli, wina anong'ona za ufiti. Lamulo la Malawi la mu 1911 liletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silifika pabwalo la masewera ngati mphunzitsi salifikitsa. Shula anapeza chikondi kwa agogo a kumsasa, koma anasowa munthu wamkulu wa mphamvu womufunsa modekha ndi kudikira yankho lake.

Charlie wa ku Pittsburgh

Kanema wachitatu ndi wa kutali, koma ndiye afotokoza matenda poyera. The Perks of Being a Wallflower anatuluka mu 2012, ndipo anamuwongolera ndi Stephen Chbosky, amene analembanso buku lake mu 1999. Liwu lotsiriza m'dzina limeneli ndi dzina la duwa lomera m'mphepete mwa khoma, ndipo Azungu atchula nalo munthu amene pa gule aima kukhoma osavina.

Charlie ndi mnyamata woyamba sekondale pafupi ndi mzinda wa Pittsburgh. Bwenzi lake lapamtima linadzipha chaka chathacho, ndipo iye alibe wolankhula naye, kotero kuti alemba makalata kwa munthu amene samutchula dzina. Tsiku loyamba, mphunzitsi wa Chingelezi afunsa mafunso, ndipo kalasi yonse ili duu. Poyenda pakati pa madesiki, mphunzitsiyo aona kuti Charlie walemba mayankho oona m'kope mwake koma sanakweze mkono. Samunyazitsa pagulu, alankhula naye payekha, nayamba kumubwereka mabuku limodzilimodzi. Pambuyo pake ophunzira awiri a kalasi yotsiriza, Sam ndi Patrick, amulandira m'gulu lawo, ndipo mnyamatayo ayamba kuseka ndi kuvina.

Apa kanemayu anena zoona zimene makanema ena azibisa. Ubwenzi unamuthandiza Charlie koma sunamuchiritse. Pamene anzakewo atsiriza sukulu nachoka, iye agwa m'matenda aakulu a maganizo nagonekedwa m'chipatala, ndipo kumeneko ndiko kumene kuululika kuti ali wamng'ono anachitidwa zachipongwe ndi azakhali ake amene iye ankawakonda. Dokotala, makolo ndi abwenzi onse pamodzi ndiwo amudzutsa. Kanemayu ali ndi zithunzi za mowa, mankhwala ozunguza bongo ndi zibwenzi, chotero sayenera ana a pulayimale. Ndi wa mphunzitsi mwini, kuti aone mmene mwana woseka masana akhoza kukhalira ndi bala losaoneka.

Kusiyanitsa manyazi ndi matenda

William, Shula ndi Charlie onse ndi achete, koma woyamba ali bwino, wachiwiri ali m'mantha chifukwa cha anthu omuzungulira, ndipo wachitatu adwala. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, liwerengera kuti mwa achinyamata a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi mwa 7 aliwonse ali ndi vuto la maganizo, ndipo akatswiri apeza kuti pafupifupi theka la matenda otere liyamba munthu asanapitirire zaka 14. Umenewu ndi msinkhu wa ana a m'makalasi otsiriza a pulayimale.

Chizindikiro chachikulu ndi kusintha. Mwana wamanyazi ndi wachete chiyambire, ndipo akakhala ndi mnzake amene amuzolowera aseka, adya bwino, ndipo ntchito yake ya m'kope iyenda. Mwana wodwala asintha kuchoka mmene analili. Amene ankasewera asiya kusewera; amene ankakhoza ayamba kulephera; agona m'kalasi kapena adandaula kuti tulo sitibwera; adya pang'ono; apsa mtima pa zazing'ono; adandaula mutu ndi m'mimba popanda malungo; ajomba kusukulu; adzinena kuti ndi wopanda pake. Zotere zikapitirira masabata 2, tsiku ndi tsiku, madokotala ayamba kuganizira za matenda okhumudwa. Mwana akanena kuti kuli bwino kufa, mawuwo asayesedwe nthabwala ngakhale tsiku limodzi.

Boma la Mchinji linachitapo kale mbali pa ntchito imeneyi. Bungwe la Farm Radio International, mogwirizana ndi dokotala wa ku Canada Stan Kutcher ndi akatswiri a m'Malawi, linayendetsa ntchito yophunzitsa achinyamata za matenda okhumudwa m'maboma a Lilongwe, Mchinji ndi Salima. Panali pologalamu ya pa wailesi yotchedwa Nkhawa Njee, magulu omvera wailesi m'sukulu, ndi maphunziro a aphunzitsi. Zotsatira zosindikizidwa mu 2015 zinaonetsa kuti aphunzitsi ophunzitsidwawo anadziwa zambiri kuposa kale ndipo anachepetsa kusala odwala. Limodzi mwa mavuto amene ntchitoyo inakumana nawo linali la chilankhulo, ndilo kupeza liwu la Chichewa lotchulira matendawa popanda kugwera pa misala. Ichi chionetsa kuti phunziro la Chichewa ndi ntchito ya zaumoyo zikumana pakhomo limodzi.

Ubwenzi wokonzedwa ndi akulu

M'makanema onse atatu bwenzi lifika mwamwayi. Makolo akale sankasiyira chinthu chotere mwayi wokha. Anyamata ankagona pamodzi kumphala kapena kugowelo, atsikana ankagona kukuka kwa agogo awo, ndipo namwali aliyense wolowa chinamwali ankapatsidwa phungu, munthu womuposa msinkhu woyenda naye, womulangiza ndi womuyankhira. Mwambi wakuti kalikokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu unali ndi malo ake ogwirira ntchito m'mudzi.

Nzeru yofanana nayo yayesedwa ndi madokotala. Mu 2006 Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo ku Zimbabwe, anayambitsa ku Mbare mumzinda wa Harare ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa akhala pa benchi kunja kwa chipatala namvera anthu ovutika ndi chimene Ashona achitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kopitirira. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2016 anapeza kuti odwala amene anacheza ndi agogowa anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Chida chachikulu cha agogowa ndi khutu lophunzitsidwa ndi mawu a chilankhulo cha wodwalayo.

Ntchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi si dokotala, ndipo sayenera kutchula mwana dzina la matenda. Ntchito yake ili ndi malire, koma m'kati mwa malirewo muli zambiri.

Choyamba, adziwe dzina la mwana aliyense wachete mwezi woyamba usanathe, ndipo aziyang'ana m'kope monga anachitira mphunzitsi wa Charlie. Mwana woopa kuyankha pagulu ayambe kuyankha kwa mnzake mmodzi, kenaka m'kagulu, ndipo potsiriza pamaso pa kalasi. Kumuimika kutsogolo mwadzidzidzi kuti manyazi athe kungokulitsa manthawo.

Chachiwiri, apatse mwana wobwera phungu wake, mwana wofatsa wa kalasi yomweyo kapena yapamwamba, woyenda naye ndi wokhala naye pa nthawi yopuma. Aletse kuseka kalankhulidwe ka mnzawo, ndipo pa phunziro la Chichewa apemphe mwana wa Chinsenga kuti aphunzitse anzake mawu a kwawo, kuti chimene chinali chosekedwa chisanduke chomupatsa ulemu.

Chachitatu, agwiritse ntchito kanema wa William m'makalasi aakulu, kumene kuli kotheka kumuonetsa, kapena afotokoze nkhaniyo pakamwa monga nthano. Atatha, afunse ana kuti William anali phee, ndwii kapena khuma pa malo akutiakuti, ndi kuti iwo akanakhala Gilbert akanachita chiyani. Mwana amene sangathe kunena za iye mwini akhoza kunena za munthu wa m'kanema, ndipo mphunzitsi watcheru amva mwanayo m'mayankho ake. Chimangirizo cha mutu wakuti "Tsiku limene ndinasowa wolankhula naye" chikhoza kuulula zambiri, ndipo chotere chisawerengedwe pagulu popanda chilolezo cha mwini wake.

Chachinayi, akaona kusintha kumene kwafotokozedwa, alankhule ndi mwanayo pamalo oonekera koma opanda omvetsera, amvere koposa kulangiza, ndipo asalonjeze kubisa chinthu chimene chiika moyo wa mwana pa ngozi. Adziwitse mphunzitsi wamkulu, ndipo pamodzi aonane ndi makolo kapena gulu la amayi la pasukulu. Ngati wovulaza mwanayo ali m'nyumba momwemo, nkhani ipite kwa ogwira ntchito yoteteza ana kapena kupolisi. Thandizo la chipatala liyambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera ndi pa chipatala cha boma ku Mchinji. A St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ku Zomba ndi kwa matenda aakulu. Makolo ambiri aopa kuti kutchula maganizo ndiko kutumiza mwana ku Zomba, ndipo mphunzitsi ayenera kuwamasula kuti ana ambiri achira ali pakhomo pawo, ali kupitabe kusukulu.

Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Nkhono ikagogodedwa ilowa m'chigoba, koma munthu akakhala pambali pake mofatsa itulutsa nyanga zake yokha. Mwana wachete achitanso chimodzimodzi, ndipo mphunzitsi amene aphunzira kudikira adzadziwa ngati mwanayo afuna buku, bwenzi kapena dokotala.